Tifunseni: Akuti ndikakwere sitima ya pansi pa nthaka ku London, kodi ndikatulukamo?

FUNSO

Achimwene, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndili ndi zaka 64 ndipo ndimakhala ku Balaka. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Nottingham wachira mwezi wathawu, ndiye akufuna ndipite ndikamuthandize. Viza yatuluka, tikiti agula. Chandisowetsa tulo ndi ichi: akuti akamwini sadzatha kufika pabwalo la ndege chifukwa adzakhala atachezera kuntchito, ndiye ndikatsika pa Heathrow ndikakwere ndekha sitima yoyenda pansi pa nthaka mpaka pamalo otchedwa King's Cross, iwo akandipeza pamenepo. Malume anga anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, ndipo zimene ankatisimbira za pansi sindinaziiwale. Kodi pansipo mpweya umachokera kuti? Dothi silingatigumukire? Nanga moto utabuka, munthu n'kuthawira kuti? Sitima imene ndimaidziwa ine ndi iyi yochokera ku Limbe, ndipo imayenda dzuwa likuiona.

*Mayi wa ku Balaka*

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi kuthokoza kuti mwana wathu wachira bwino ndipo mwalandira mlendo. Za King's Cross mwafunsa pakhomo poyenera. Ndinapondapo m'mawa ndi madzulo kwa zaka 6, nthawi imene ndinkasamalira okalamba kumpoto kwa London, moti fungo la pansipo ndikhoza kulizindikira ngakhale mutandimanga kumaso.

Malume anu sananame, koma za kumgodi zisiyeni kumgodi. Migodi ina ya golide ku Joni imapitirira makilomita 3 kutsika pansi, ndipo thanthwe amaliphulitsa tsiku ndi tsiku. Ku London siteshoni yozama kuposa zonse ndi Hampstead, ndipo ndi mamita 58 okha. King's Cross siifika n'komwe pamenepo. Chinanso, pansi pa London si thanthwe kapena mchenga, koma dongo lolimba, longa mtapo woumbira mbiya. Dongo lotere limakumbika bwino ndipo madzi sadutsamo mwachisawawa. Ndicho chifukwa chake njanji zambiri za pansi zili kumpoto kwa mtsinje wa Thames kumene dongoli lili pabwino.

Pa King's Cross pali ngalande za mitundu iwiri, ina pamwamba pa inzake. Zapamwambazo ndi zakale kwambiri. Njanji yoyamba padziko lonse yoyenda pansi pa mzinda inatsegulidwa pa 10 Januwale 1863, kuchoka ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo King's Cross inali imodzi mwa masiteshoni ake. Anthu pafupifupi 38,000 anakwera tsiku loyambalo. Kamangidwe kake kanali kosavuta kukamvetsa: ankakumba msewu wonse kukhala chingalande, kumanga makoma a njerwa, kufolera pamwamba, kenako n'kubwezeretsa msewu. Sitima zake zinkayendera malasha, ndiye tangoganizani utsi umene agogo awo a azunguwa ankaumeza. Ngalande zapansi kwambiri, zimene inu mukadutsemo, zinabooledwa ngati mmene amachitira mfuko, popanda kugumula za pamwamba. Luso lake analikonza bwino ndi James Henry Greathead, munthu wobadwira ku Grahamstown ku South Africa. Anapanga chimgolo chachitsulo chotsekula mbali zonse, anthu n'kumakumba ali m'kati mwake, chikamasunthira kutsogolo ena n'kumamanga kumbuyo mikombero yachitsulo yolumikiza ndi mabawuti. Ngalandeyo imatuluka yobulungira ngati paipi, n'chifukwa chake eni ake amangoti Tube. Njanji ya Piccadilly imene mukakwere inatsegulidwa mu 1906, ndipo mikombero ija ilipobe. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, mabomba a Ajeremani akugwa, anthu ankathawira pansi pomwepo kukagona. Usiku wina mu Seputembala 1940 anawerengedwa anthu 177,000. Masiteshoni angapo mabomba anawaboola ndithu, koma kwa ambiri pansi ndi pamene panali pothawira.

Mpweya ulipo, musade nkhawa. Pali mauna okwera mpaka kumtunda okhala ndi mafani akuluakulu, ndipo sitimayo nayonso imathandiza. Ngalande ndi yothina, sitima imangokwanamo ndendende, ndiye ikamabwera imakankha mpweya ngati mpope wa njinga. Mukaima podikirira mudzayamba mwamva kamphepo kofunda kakukupizani kumaso, nyuzipepala zotayidwa n'kuyamba kugwedera, njanji n'kumalira chapansipansi, kenako nyali ziwiri n'kutulukira mumdima. Gwirani mpango wanu nthawi imeneyo. Chimene chimavuta ndi kutentha. Mabuleki a sitima amatulutsa kutentha, dongo lija lakhala likukumwa kwa zaka zoposa 100, ndipo tsopano linakhuta. Kunja kukhoza kukhala chisanu chothetsa mankhalu, inu pansi thukuta lili kamukamu ngati muli ku Nsanje. Valani zoti mukhoza kuvula chimodzichimodzi, ndipo botolo la madzi likhale m'manja. Madzulo mukamina n'kuona zakuda pakansalu, musaganize kuti mwalodzedwa. Ndi fumbi la chitsulo lochokera ku mawilo, njanji ndi mabuleki.

Za moto sindikubisirani, chifukwa funso lanu lagwera pamalo enieni pamene zinachitikira. Pa 18 Novembala 1987, cha m'ma 7:30 madzulo, munthu wina akukwera masitepe oyenda okha ochokera ku njanji ya Piccadilly pa King's Cross pompo, anayatsa ndudu n'kutaya kamtengo ka machesi. Kusuta pansi kunali kutaletsedwa kale, koma anthu ankayatsirabe pamasitepe poti akutuluka. Masitepewo anali amatabwa, ndipo kunsi kwake kunali kutaunjikana mafuta a girisi osakanikirana ndi tinyansi, timapepala ndi ulusi wa zovala. Kamtengo kaja kanagwera m'mphepete n'kukayatsa zimenezo. Amene anauona motowo poyamba sanauyese kanthu, unali waung'ono woti munthu n'kuothera. Ozimitsa moto anafika, apolisi anayamba kutulutsa anthu. Patangotha mphindi pafupifupi 15, lawi linathamanga kukwera masitepe onse n'kukaphulikira m'chipinda chogulitsira matikiti pamwamba, m'mene munali anthu. Anafa anthu 31, mmodzi mwa iwo mkulu wa gulu la ozimitsa moto.

Kafukufuku amene anatsogolera Desmond Fennell anapeza chinthu chimene akatswiri sankachidziwa bwino, ngakhale kuti aliyense amene anaonapo moto wa tchire ukukwera phiri akanachizindikira. Pamalo otsetsereka okhala ndi makoma uku ndi uku, lawi silimaima chilili. Limagona n'kumakwawa motsata chitundacho, likuwambiratu matabwa akutsogolo, mpaka onse amayaka kamodzi. Chichokereni apo kusuta kunaletsedwa paliponse, masitepe amatabwa anawachotsa n'kuika achitsulo, kunsi kwake anaikako zida zomva kutentha ndi zowaza madzi, ndipo ogwira ntchito anawapatsa mawailesi olankhulirana ndi maphunziro a kutulutsa anthu. Pasiteshonipo pali chikwangwani cha chikumbutso ndi wotchi. Ine ndinkadutsapo miyezi yambiri osaziona, poti maso anali pa nthawi yolowera ntchito, mpaka tsiku lina mu Novembala ndinapeza pali maluwa. Mukamva chilengezo chakuti anthu atuluke, kapena wovala yunifolomu akuloza njira, musayambe kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Tsatirani basi. Ndiponso chikwama chanu musachisiye chokha ngakhale kamphindi. Pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinaphulitsa mabomba m'sitima zitatu ndi m'basi, imodzi mwa sitimazo itangochoka pa King's Cross kulowera ku Russell Square, ndipo mpaka lero katundu wopanda mwini amatha kutseketsa siteshoni yonse.

Koma Mayi, m'zaka 6 zija sindinaonepo moto kapena dothi likugumuka. Amene ndinawaona atavulala anali othamangira chitseko chikutsekeka, ndi ena ogubuduka pamasitepe atanyamula masutikesi awiri. Ife tinazolowera kuti sitima kapena basi ikakusiya ndiye tsiku lapita, choncho mwendo umathamanga wokha mutu usanaganize. Kumeneko ikakusiyani, ina ikubwera pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu. Pa njanji ya Victoria nthawi ya piringupiringu zimadutsa sitima 36 pa ola limodzi. Kuthamanga sikufika. Anthu mudzawaona akuthamanga ngati kwagwa chilombo, asiyeni, ali ndi mabwana awo. Inu yendani ngati mukupita kukalemba m'kaundula wa kalasi.

Ulendo wake uli chonchi. Mukatenga katundu pa Heathrow, tsatirani chizindikiro cha mkombero wofiira wodutsidwa ndi mzere wabuluu, cholembedwa kuti Underground. Njanji iliyonse ili ndi mtundu wake, ndipo Piccadilly ndi yabuluu woderako. Gulani khadi lotchedwa Oyster pamakina a pomwepo ndi kuikamo ndalama, ndipo musachite manyazi kuitana wogwira ntchito kuti akudinireni, ndiyo ntchito yake. Khadi la kubanki loti mumangogunditsa limagwiranso ntchito, koma sindingakulangizeni kuti mukayesere la kuno kwathu muli ndi chigulu cha anthu kumbuyo kwanu. Pageti pali kambale kachikasu. Gunditsani khadi polowa, mukagunditsenso lomwelo potuluka, chifukwa mukaphonya kumodzi makina amakudulani mtengo wokwera kwambiri. Sankhani geti lotambalala la kumapeto, ndilo la anthu a katundu. Mageti ang'onoang'ono aja amatseka msanga, sutikesi n'kutsala uko inu muli kuno.

Kwerani sitima yolowera kum'mawa, kawirikawiri imalembedwa kuti Cockfosters. Poti Heathrow ndi koyambira, mpando muupeza. Ndipo nachi chokutonthozani: gawo lalikulu la chiyambi cha ulendowo mudzayenda dzuwa likukuonani, monga ya ku Limbe ija, mukuona kuseri kwa nyumba za anthu, timinda tawo ndi zovala zoyanika. Ndipotu ngakhale dzina lake ndi la pansi, kuposa theka la njanji zonsezi lili pamtunda. Mukadutsa Hammersmith ndi Barons Court m'pamene sitima imamira. Kuchoka apo mudzamva mayina akutchulidwa limodzilimodzi, ena mwa iwo ndi awa: Earl's Court, Knightsbridge, Green Park, Piccadilly Circus, Leicester Square, Covent Garden, Holborn. Mukamva Russell Square sendezani katundu kufupi ndi chitseko, yotsatirayo ndi yanu. Zonse pamodzi ndi pafupifupi ola limodzi. Mukapitirira musalire. Tsikani pa Caledonian Road, pitani mbali inayo, bwererani siteshoni imodzi, ndipo simulipira china poti simunatuluke pageti. Mawu akuti "mind the gap" amene azikulankhulani akutanthauza kuti muyang'ane mpata wa pakati pa sitima ndi poponda.

Ndege zambiri zochokera kuno zimatera m'mamawa. Ngati ndi tsiku la ntchito, khalani kaye pabwalo la ndege, imwani tiyi, muyambepo ikakwana 9:30. Mukalowa m'tauni cha m'ma 8 mudzapanikizidwa ngati usipa m'thumba, ndipo kutuluka ndi sutikesi m'menemo ndi nkhondo. Akamwini nawonso apezako nthawi yoyenda, poti kuchoka ku Nottingham ndi pafupifupi maola awiri.

Masitepe oyenda okha ali ndi lamulo limodzi limene eni dziko amalilemekeza kuposa Sabata: woima amaima kumanja, kumanzere ndi kwa oyenda. Ine sabata yanga yoyamba ndinaima kumanja ndithu, koma chikwama changa cha ufa ndi chambo chouma ndinachikhazika kumanzere. Bambo wina wa suti kumbuyo kwanga anati "excuse me". Ine kumva choncho ndinayesa akundipepesa kuti wandiponda, ndiye ndinatembenuka n'kumuuza mwaulemu kuti palibe vuto, n'kuyang'ananso kutsogolo. Ananenanso kachiwiri, kachitatu, mawu akunka nauma. Nditacheuka bwino ndinaona mzere wa anthu mpaka pansi, onse ali duu, maso ali pa chikwama changa. Palibe anatukwana, koma bola akanatukwana. Inu musadzivute nazo zimenezi. Pa King's Cross pali zikepe zofika ku njanji zonse, tsatirani chizindikiro cha njinga ya olumala. Njira yake ndi yotalikirapo, makonde ake ndi aatali, koma mufika ndi mafupa onse.

M'sitimamo musayembekeze moni. Tsiku lomwelo la chikwama ndinakhala pampando n'kupereka moni kwa mayi woyandikana naye monga tinaleredwera, iye n'kukokera kachikwama kake pachifuwa. Anthu 100 m'bogi imodzi, mapewa akukhudzana, koma zii, aliyense maso pafoni kapena padenga. Ngakhale pamaliro pamamveka nyimbo. Si udani ayi, ndi njira yawo yopatsana malo pamene malo palibe. Koma mukafunsa njira amayankha bwino, ena mpaka kukuperekezani, ndipo sutikesi ikakukanikani pamasitepe mudzangoona dzanja la mlendo laigwira mbali inayo, kukusiyirani pamwamba, n'kupita osadikira zikomo. Safunsa anadya phula.

Tsopano chachikulu, ndipo ichi mukambirane ndi mwana wanu musananyamuke. Kunena kuti "tikapezana pa King's Cross" kuli ngati kunena kuti tikapezana mu Limbe. Dzina lonse la siteshoni ya pansiyo ndi King's Cross St Pancras, ndipo pamakumana njanji 6: Piccadilly, Victoria, Northern, Circle, Metropolitan ndi Hammersmith & City. Makomo otulukira ndi ambirimbiri. Pamwamba pake pali masiteshoni awiri akuluakulu oyang'anizana. King's Cross, ya mu 1852, ndi ya sitima zopita ku Leeds, York, Newcastle ndi Edinburgh. St Pancras, ya mu 1868, ya njerwa zofiira yooneka ngati tchalitchi, ndi imene kumachokera za ku Leicester, Derby, Sheffield ndi Nottingham, komanso Eurostar yopita ku Paris. Yanu ndi St Pancras. Ndinaonapo anthu akusakana ola lathunthu, wina ali uku wina uko, pakati pali kamsewu kamodzi kokha. Foni yanu mwina idzakhala isanayambe kugwira ya kumeneko, choncho nambala ya akamwini ndi ya mwana wanu zilembeni papepala, osati m'foni mokha.

Malo osasowa ndi awa: mu St Pancras, kwerani m'mwamba, pansi pa chiwotchi chachikulu pali chiboliboli chamkuwa chotalika mamita 9. Aliyense wogwira ntchito pamenepo akulozerani. Ndikuchenjezeretuni kuti chibolibolicho ndi cha mwamuna ndi mkazi atakumbatirana, nkhope zitagundana. Ndikudziwa kuti si malo amene mpongozi angasankhe kudikirirapo mkamwini wake. Ikani sutikesi pansi, chifulatireni, muziyang'ana sitima.

Pobwerera samalani chinthu chimodzi. Piccadilly yolowera kumadzulo imagawikana pa Acton Town, nthambi ina kupita ku Heathrow, ina ku Uxbridge. Werengani dzina lolembedwa kutsogolo kwa sitima ndi pachikwangwani chowala, muonenso nambala ya teminolo (nyumba yokwerera ndege) yanu, chifukwa yopita ku Terminal 4 si yomwe imapita ku Terminal 5. Ine ndinakaperekezapo mlamu wanga, tonse n'kusinza, podzidzimuka tili pa Rayners Lane, ndege itatsala maola awiri.

FUNSO

Achimwene, m'mawa uliwonse ndimatha ola pamsewu kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town. Bwanji boma osangokumba sitima ya pansi ngati maiko ena?

*Mnyamata wa ku Lilongwe*

YANKHO

Mphwanga, ndalama. Njanji ya Elizabeth imene London inatsegula mu 2022 inadya pafupifupi mapaundi 19 biliyoni. Mizinda imalowa pansi pamene pamwamba patheratu malo, ndiponso pamene pali anthu miyandamiyanda olowera njira imodzi nthawi imodzi oti n'kubweza ndalamazo. Lilongwe ndi yomwazikana, malo pamtunda akadalipo. Komanso ngalande imafuna magetsi osaphethira, osati a sitima okha, koma a mafani, zikepe, nyali ndi mapampu amene amapopa madzi usana ndi usiku. Magetsi akazima pamtunda umatsika minibasi n'kuyenda wapansi, pansi ndi nkhani ina. Mu Africa muno Cairo inatsegula yake mu 1987, Algiers mu 2011, ndipo abale athu a ku Joni amakwera Gautrain, imene inayamba mu 2010, pa siteshoni ya pansi ya Sandton. Addis Ababa mu 2015 inasankha sitima zopepuka zoyenda kwambiri pamtunda ndi pamilatho. Kwa ife ndingakondwe kuona kaye mabasi akuluakulu okhala ndi njira yawoyawo, onyamuka nthawi ikakwana osati akadzaza.

FUNSO

Mlongo wanga ali ku Luton akuti m'masiteshoni a pansiwo muli mbewa zoyenda poyera anthu akuona. Zoona zimenezi? Palibe amazigwira?

*Bambo wa ku Dedza*

YANKHO

Zoona, Bambo, mlongo wanu sanawonjezere. Usiku anthu akachepa zimatuluka, tating'ono, takuda bii ndi fumbi lachitsulo lija, n'kumathamangitsana pakati pa njanji kulimbirana nyenyeswa za buledi. Sitima ikamabwera zimabisala, ikadutsa zimatulukanso. Ine poweruka usiku ndinkaziyang'ana mpaka kuiwala kutopa. Muli ndi udzudzu womwe, umene unkaluma anthu othawa mabomba aja, koma si wa malungo.

Funso lanu lachiwiri ndalimva kumene likulowera. Izi si mbewa za m'munda zodya mtedza, ndi za m'zinyalala. Ndiponso pamene zimaseweretsa michira yawopo pali njanji zinayi, ziwiri zoyendamo mawilo ndi ziwiri za magetsi a mavoti oposa 600. Ngakhale foni ikagwera pamenepo mwini wake satsika, amaitana wogwira ntchito, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti adzaitenge mawa sitima zikaleka kuyenda. Muwauze alongo anuwo kuti akapuku adzawapeza pa Lizulu akadzabwera pa Khirisimasi.